Sukulu Imene Anthu Amalephera

14 Januwale

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kaja kamene kamabwera m'mawa ndikamatsegula mankhwala okolopera, koma si ka kuchipatala ayi. Wamng'ono uja dzino latuluka? Pafoni munangoti ali bwino, ndipo inu mukangoti ali bwino ine mtima sukhala pansi.

Mapepala atatu a masukulu amene munapatsira adalaivala a basi ndalandira. Ndawerenga pang'onopang'ono masiku anayi, ndipo pamene Chingerezi chinandikanika wandiwerengera Wayilesi, mnzanga amene ndimakhala naye chipinda chimodzi. Dzinali tinamupatsa chifukwa sazima. Mapepala anali atatu, ndemanga anapereka makumi atatu.

Pa nkhani ya kuphunzira kwanu sindinasinthe maganizo. Inu munamaliza sekondale, ine ndinalekezera kalasi yachinayi, ndiye m'nyumba mwathu mutu wa masamu ndi wanu. Si bwino kuti mutu umenewo uthere pa kuwerengera tomato pa benchi. Ndalama ndasunga zaka ziwiri ndi miyezi itatu, zakwana zikwi khumi ndi ziwiri za kuno. Koma mudziwe, mayi, kuti ndi zomwezi. Tikaziponya pa sukulu yolakwika, kulibe kwina kokatola.

Mmene ndaonera ine ndi motere. Ya pafoni ija, yophunzira uli kunyumba, ayi. Foni yanu imazima yokha, ndipo ana adzakhala akukukokani uku ndi uku. Ya kuseri kwa depoti ya mabasi ndi ya miyezi isanu ndi inayi, pepala lawo ndi losakongola ngati chidziwitso cha maliro, ndipo alemba okha kuti mayeso amachokera kwina, wolephera amalipiranso. Ine mawu akuti kulephera ndimawaopa. Yatsala ya pamwamba pa sitolo ya nsapato, ya chiwombankhanga chagolide chogwira cholembera pa pepala lawo. Masabata asanu ndi limodzi okha, kusunga mabuku a ndalama ndi kukonza malipiro zonse pamodzi, gawuni ndi chithunzi zaulere, ndipo akuti chiyambire palibe analepherapo. Achimwene nawonso pafoni akuti imeneyo, ati mwini wake amadziwana naye. Ndiponso ngati sitolo ya holoselo ija ikufunadi kalaliki mwezi wa Epulo, mudzakhala mutamaliza.

Mtima wanga wapendekera kumeneko. Koma musalipire kaye. Ndipatseni masabata awiri ndiigonere nkhaniyi.

Ndatumiza mazana asanu ndi atatu. Atatu a lendi, awiri a fizi ya wamkulu, otsalawo mudye. Nsapato zake mugule zokulirapo, phazi lake likuthamanga. Loko wa chitseko cha kumbuyo munakonzetsa?

Ndine amuna anu.

2 Febuluwale

Mayi a ana anga,

Moni nonse kumeneko. Ine ndadzuka bwino, chifuwa chachepa. Ndamva kuti dzino latuluka, tithokoze Mulungu.

Musalipire. Ndalemba mawu amenewa kumwamba kuti kalatayi ikanyowa m'njira, awa okha muwaone.

Mukudziwa kuti ine ndimakolopa nsanjika yachitatu, maofesi asanu ndi awiri ndi khonde lake. Ndimalowa m'mawa eni ake asanafike, masana ndimabweranso kudzataya mabini. Ofesi yakumapeto ndi ya mayi amene amakonza malipiro a tonse pakampani pano. Ndi achikulire, magalasi awo amakhala pa chingwe, salankhula zambiri, koma akamaweruka amakweza mpando pa desiki kuti ndikolope bwino. Mwezi uno akufuna wowathandiza, ndiye makalata ofunsira ntchito akubwera ngati ngumbi.

Pansi pa desiki yawo pali bini yobiriwira ya mapepala opita ku makina odula. Lachiwiri lapitalo ndikunyamula biniyo ndinangoona chiwombankhanga chikundiyang'ana. Chomwechija, mayi, chagolide, cholembera m'zikhadabo. Kani sukuluyi ili ndi nthambi kunonso. Inali fotokope ya satifiketi ya munthu, yomata ku kalata yake. Ndinati mwina mwini wake analemba zolakwika. Lachinayi ziwombankhanga ziwiri. Sabata ino zinayi. Zonse pamodzi zisanu ndi ziwiri, zonse m'bini.

Pamwamba pa desiki pali kabasiketi ka waya momwe amaika makalata amene asunga. Sindinagwire kanthu, ndinangochedwa pamenepo popukuta fumbi. Masatifiketi a m'menemo ndi osakongola, oyera mbee, kachidindo kakang'ono pakona ndi nambala yaitali m'munsi. Pambali pa nambala iliyonse mayi aja achongapo ndi pensulo. Mbalame munalibe ngakhale imodzi.

Kuwerenga ndimachedwa, koma zinyalala ndimazidziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikutaya mabini, ndaphunzira kuti anthu a m'maofesi pakamwa amatha kukunamiza, koma bini yawo siinama.

Wayilesi akuti mwina mayiwo mbalame zinawadyera mbewu kumunda ali mwana, ndiye akubwezera. Iye zonse ndi nthabwala. Ine masiku atatu chakudya sichikulowa. Ndikuganiza za anthu asanu ndi awiri aja. Aliyense anavala gawuni, anajambulitsa, abale ake analulutira, ndipo pepala lake wakalitaya ndi ine.

Chifukwa chake sindikuchidziwa, ndipo kufunsa ndikuopa, poti wokolopa safunsa za pa desiki. Koma njira ndiipeza. Achimwene akabwera, muwapatse mpando ndi madzi, muwauze kuti ndalama zikadali kwa ine.

Ndatumiza sopo wautali anayi ndi mafuta odzola a ana. Sopo mmodzi mukapereke kwa amayi.

Ndine amuna anu.

21 Febuluwale

Mayi a ana anga,

Ndikupatsani moni inu ndi ana. Ine ndilipo.

Za chikwi ndi theka chimene mwalipira kale chogwirira malo kwa a chiwombankhanga, ndamva. Kalata yanga inachedwa, achimwene anafulumira. Sindikukwiyirani. Munthu alamu ake akamuperekeza mpaka pa masitepe a sukulu n'kumati malo atsala awiri okha, kukana n'kovuta. Chimene chandipweteka n'chakuti mwatapa pa mpamba wanu wa tomato. Umenewo ndibweza kuchokera pa za sukulu, benchi isagwe.

Kuntchito kwasintha pang'ono. Sindilinso kumwamba, anditsitsira kubwalo kotsuka malole. Panali kapepala kena ka m'bini muja kamene kanapezeka m'thumba la ovololo yanga pageti, kamene ndinkafuna kuti Wayilesi andiwerengere bwinobwino. Akapitawo analankhula zambiri, ndinasayina pena pake. Zinazo ndidzakuuzani pamaso. Ntchito ilipo, musadandaule, kungoti malipiro atsika ndi mazana anayi. Amayi musawauze.

Koma tamverani zimene zatulukamo. Mayi a malipiro aja, pokonza za mwezi uno, anaona kuti dzina langa lasamuka, ndiponso pansi pa desiki yawo pachita fumbi. Ananditumizira uthenga kuti ndikwere. Ndinakwera masitepe mabuti akudontha madzi pamene ndinkakolopa ndekha kale. Anandifunsa kuti pepala la mwini ndinkalifuna la chiyani. Ndinaulula zonse, za inu, za tomato, za zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Anandidzudzula kaye, ndipo sanalakwe, chifukwa pepala lija linali ndi dzina ndi adiresi ya munthu. Kenaka anavula magalasi n'kunena kuti:

"Bambo, mukanangogogoda. Sukulu imeneyo imaphunzitsa yokha, imafunsa yokha mayeso, imachonga yokha, n'kudziombera yokha m'manja. Ine ndikafuna kudziwa ngati munthuyu anakhozadi, ndiimbira foni yani? Wobwereketsa gawuni?"

Safunsa anadya phula, mayi. Ine ndadya phula la mazana anayi pamwezi.

Anandilembera mafunso anayi, ndakoperani pano mosamala. Loyamba, mayeso amakonza ndani, inu nomwe kapena bungwe lapadera? Lachiwiri, satifiketi ili ndi nambala yoti wolemba ntchito angathe kuitsimikiza? Lachitatu, kompyuta imodzi amakhalapo anthu angati, ndipo za msonkho ndi penshoni mumaphunzitsa za dziko lathu komanso za chaka chino? Lachinayi, limene anadula mzere kunsi kwake kawiri: chaka chatha analephera angati?

Ndinawafunsa kuti pa lachinayili yankho labwino ndi liti, ine ndikuganiza kuti ndi lakuti palibe. Anati akakayankha kuti palibe, akazi anu akatsike masitepe osatsanzika.

Ndiye mupite ku masukulu onse awiri, ya pa nsapato ndi ya ku depoti. Mupite nokha, m'mawa, muvale diresi yabuluu ija. Mayankho muzilemba pomwepo iwo akuona. Akakukwiyirani musachite manyazi, ndalama ndi zathu.

Ndine amuna anu, amene sakudziwa ngati achita bwino kapena ayi.

10 Malichi

Mayi a ana anga okondedwa,

Moni, moni, moni. Ine ndili bwino kwambiri, ndipo lero ndadya mbale ziwiri.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu ndekha, kenaka Wayilesi waiwerenga mokweza akuyenda m'chipinda, akusintha mawu ngati sewero. Pamene munalemba kuti bwana wa chiwombankhanga, wa suti yonyezimira uja, anadziguguda pachifuwa n'kunena kuti kwawo palibe analepherapo, inu n'kulemba "palibe" m'kope iye akuona, ndinaomba m'manja. Pamene anakusonyezani kompyuta imodzi yofundidwa nsalu ya maluwa, tinaseka mpaka a chipinda chinacho anagogoda khoma. Ndipo pa funso la nambala akuti anakufunsani kuti wakutumani ndani? Mukanamuuza kuti wandituma ndi wotsuka malole. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chikwi ndi theka chija akana kubweza, ndinadziwa. Chisiyeni, musapitenso kukakangana, masitepe aja ndi otsetsereka.

Koma mphunzitsi wa ku depotiyo ndamukonda ndisanamuone. Mwati ophunzira amamutcha Cholembera Chofiira, ndipo anakuyankhani osadzutsa mutu: analemba makumi atatu, analephera khumi ndi mmodzi, mwa iwo asanu ndi mmodzi anakhoza ulendo wachiwiri. Munthu wonena yekha manyazi a sukulu yake sangatibere. Ndiponso kukana kulandira ndalama zanu mpaka atakuyesani masamu! Ndipo inu n'kupeza khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa makumi awiri, patatha zaka khumi ndi ziwiri musanagwire cholembera. Ndauza bwalo lonse. Adalaivala ena sanandifunse, koma amva.

Dzina la bungwe la mayeso limene anakupatsani ndinapita nalo kwa mayi a malipiro. Ndinawadikira poimika magalimoto. Analiyang'ana n'kugwedeza mutu kuvomera. Ati ndi amodzi mwa a kachidindo kakang'ono aja.

Tsono tasankha sukulu imene anthu amalephera. Ine wamantha ine. Ndikaganiza zimenezi ndimaseka ndekha.

Za ndalama zili motere. Sukulu pamodzi ndi mayeso ndi zikwi khumi ndi chimodzi za kuno. Nditabweza mpamba wanu zatsala khumi ndi theka. Mazana asanu operewerawo ndipeza, imeneyo si nkhani yanu. Mulipire katatu monga akuloleza, ndipo ulendo uliwonse mutenge lisiti la chidindo. Malisitiwo muike m'pepala la pulasitiki, pamwamba pa kabati, pamene wamng'ono safika. Benchi m'mawa azikhalapo mng'ono wanu, madzulo muziwerengerana.

Achimwene anaimba. Ati ndakana sukulu ya masabata n'kusankha ya chaka, holoselo idzadikira ife? Anatinso mkazi akadziwa kuwerengera malipiro amayambira a mwamuna wake. Ndinawayankha kuti anga ndi ochepa, amaliza msanga. Tinaseka tonse, ngakhale ine foni itaduka mawuwo anandikhala pang'ono. Ndamvanso kuti kwa a chiwombankhanga wobweretsa wophunzira amamupatsa kangachepe. Sindikunena kanthu. Ndi achimwene anga.

Lolemba mudzuke msanga, basi ya ku depoti imadzaza. Mukakhale kutsogolo, maso anu aja sakonda kutali.

Ndine amuna anu onyadira.

28 Juni

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ana. Kuno kwazizira. Madzi otsukira malole m'mawa amaluma, zala zachita ming'alu, ndiye zilembo zikakhota musadabwe. Ndimadzola mafuta, zikupola.

Za holoselo ndamva. Alemba mwana wa aneba uja amene anapita kwa a chiwombankhanga, ndipo nambala sanafunse n'komwe. Munalira, ndikudziwa, ngakhale pafoni munati ndi chimfine. Inenso sindikubisirani, nkhaniyi yandiyendetsa mutu sabata yonse. Kani si onse amaimba foni. Mwina ndakulakwirani. Mwina bini imodzi ya ofesi imodzi ndinaitenga ngati dziko lonse. Mtsikanayo tisamuchitire nsanje, mukakumana naye mumuyamikire, nayenso makolo ake anavutika.

Koma kenaka ndimatenga pepala lanu la mayeso a m'kalasi limene munanditumizira. Makumi asanu ndi awiri kudza asanu ndi atatu pa zana limodzi, ndipo Cholembera Chofiira walemba m'munsi kuti "si zoipa". Mwati kwa iye amenewo ndi mawu a chikondwerero. Ndalipachika pa msomali wa ovololo. Mizere iwiri ija, ya zolowa ndi ya zotuluka, imene iyenera kufanana kumapeto, sindiimvetsa bwino, koma ndikuona kuti yanu yafanana.

Ndatumiza kakyuleta ya mabatani aakulu, ngati imene mayi a malipiro amagwiritsa. Inali mazana awiri, ndinanenerera mpaka zana ndi theka. Ana asaigwire. Ndatumizanso nyali yotchaja, musamawerenge ndi kandulo. Gawo lachiwiri la fizi lili m'envelopu yofiirira, mutsegule adalaivala ali pomwepo.

Mwati mukutopa, masana sukulu, madzulo benchi, kenaka kuchapa. Wamkulu wakula tsopano, mbale azitsuka iye. Mumuuze kuti anena ndi bambo ake.

Ndine amuna anu.

19 Januwale

Mayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi ana. Ine ndili bwino. Miyezi yonseyi takhala tikungolankhula pafoni, koma izi pafoni sizikutheka, poti mumadula ndisanamalize.

Munati mwanditayitsa ndalama. Mawu amenewo mubweze.

Mapepala anali awiri. La kusunga mabuku mwakhoza, ndipo mwakhoza pamwamba, anthu atatu okha ndi amene akuposani. La malipiro mwaperewera malikisi anayi. Anayi, mayi, zala za dzanja limodzi osawerengera chachikulu. Ndinasankha ndekha sukulu imene anthu amalephera, kungoti sindinaganize kuti anthuwo tingakhale ife. Tsiku limene munandiuza ndinatsuka lole imodzi kawiri osadziwa. Koma m'mawa mwake ndinadzuka ndi ganizo ili: ngati akutha kukukanizani chifukwa cha malikisi anayi, ndiye kuti akadzakuvomerani palibe angatsutse.

Mwati mphunzitsi wanena kuti nkhani si mutu ayi, koma nthawi inakutherani chifukwa yankho lililonse munkalibwereza katatu, funso lomaliza la ovataimu simunaligwire n'komwe. Matenda amenewo mwatengera kwa ine. Ndi ine ndimabwerera pakhomo katatu kukaona ngati ndakhoma. Pepani. Ulendo uno muchite monga wanenera: wotchi patebulo, funso lililonse nthawi yake, likakana mulisiye, mudzalipeza pobwerera.

Kulembanso ndi mwezi wa Malichi, mazana asanu ndi anayi. Ali m'kalata muno. Musafunse zambiri. Njinga yanga ija ndampatsa munthu wina asunge kwa nthawi yaitali. Kuntchito ndi ola limodzi wapansi, ndipo Wayilesi akuti kamimba kanga kamafuna zomwezi.

Mwezi wa Febuluwale wonse benchi muisiye kwa mng'ono wanu. Phindu likachepa lichepe. Achimwene akanena kuti ndinanena ine, muwavomere kuti ananenadi, n'kupitiriza kuwerenga. Kutchalitchi musaleke kupita chifukwa cha manyazi. Anthu amene akufunsa za zotsatirawo ambiri sanalembepo mayeso a kunja.

Mudye. Mng'ono wanu wandiuza kuti simukudya.

Ndine amuna anu, lero ndi mawa.

30 Epulo

Mayi a ana anga,

Sindikufunsani ngati muli bwino, ndinamva ndekha mmene munkakuwira pafoni. Ine ndili bwino moti chifuwa chathawa.

Mwakhoza. Ndalemba kuti ndione mmene mawuwa akuonekera pa pepala. Mwakhoza.

Foni yanu inandipeza ndili ndi payipi m'manja, ndipo madzi anapita pa nsapato za akapitawo. Ndinapepesa ndikuseka, iwo anaganiza kuti ndazungulira mutu.

Mukudabwa chifukwa chake ndinakuvutitsani kuti mundiwerengere nambala ya pa satifiketi kawiri, pang'onopang'ono. Ndinailemba pa katoni. Nthawi ya chakudya ndinasamba m'manja, ndinavula mabuti, ndinakwera nsanjika yachitatu n'kugogoda. Mayi a malipiro anatenga katoniyo, anatsegula tsamba la bungwe lija pa kompyuta, analemba nambala imodziimodzi. Kanthu kanazungulirazungulira pagalasi. Ine ndinaima pambali pawo, ndikuganiza kuti mwina ndalemba zisanu ndi ziwiri m'malo mwa imodzi, mwina dzina analiiwala. Kenaka linatuluka. Dzina lanu, mayi, lonse, ndi tsiku lanu lobadwa, m'ofesi ya dziko la eni, kumene simunapondeko. Ndinaliwerenga ndekha popanda wondithandiza.

Anandipatsa mpando, ndinakhala.

Satifiketi musaipinde ndipo musaibwereketse. Mujambulitse mafotokope khumi, yeniyeniyo isatuluke m'nyumba pokhapokha akaifuna kuiona. Ndatumiza mazana awiri apadera. Mugule nkhuku, muitane mng'ono wanu, amayi, ndi achimwene omwe. Ntchafu mupatse mng'ono wanu, benchi waisunga ndi iye.

Ndine amuna a munthu wophunzira.

6 Ogasiti

Mayi a ana anga,

Ndikupatsani moni, kapena ndinene kuti ndikupatsani moni akalaliki. Ine ndili bwino. Zala zapola, chifukwa kuyambira mwezi watha ndabwerera ku nsanjika yachitatu. Sindikudziwa amene anandilankhulira, koma ndikuganiza.

Makalata asanu ndi atatu munatumiza, asanu ndi awiri sanayankhe, ndipo ine ndinayambanso kuwerenga masiku. Koma yachisanu ndi chitatuyo ndiye yathu. Kampani ya alonda, anthu zana limodzi ndi makumi awiri kudza asanu ndi mmodzi, aliyense ndi maola ake, ovataimu yake, msonkho wake. Mwati bwana wake anatsimikiza nambala inu muli pampando pomwepo, kenaka anakupatsani mapepala a alonda asanu kuti muwakonzere malipiro iye akumwa tiyi, ndipo munamaliza tiyi asanathe. Nkhani imeneyi ndaifotokoza kambirimbiri moti Wayilesi wati dzina lake andipatsa ine.

Ndiye mwezi wa Julayi mwalipira anthu onsewo. Tsiku limenelo ine kuno ndinkangoyang'ana foni, ndikuganiza kuti mlonda wina wandodo akhoza kubwera atakwiya. Mwati anabwera mmodzi yekha, wachikulire, kudandaula kuti zaperewera, ndipo munamukhazika pansi n'kumusonyeza mzere ndi mzere mpaka anamvetsa. Mwachita bwino. Muzitero nthawi zonse. Ambiri a ife kapepala ka malipiro timangoyang'ana nambala ya pansi, zapamwambazo timachita nazo manyazi kufunsa.

Ndinawauza mayi a malipiro ndikukolopa pakhomo pawo. Anasiya kulemba, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kunena kuti:

"Mukawapatse moni anzanga a ntchitowo. Muwauze kuti mwezi wa Disembala ndi umene umavuta, ayambe kukonzekera msanga."

Anzanga a ntchito, mayi. Anatero. Ndinapita kukaima kaye m'kachipinda ka matsache.

Miyezi itatu yoyeserera isanathe musachedwe ngakhale tsiku limodzi. Munthu akakupemphani kuti mumuonjezere ola limodzi, ngakhale akhale wa kutchalitchi kwathu, mukane. Kompyuta muzitseka mukamapita kokadya. Za malipiro a anthu musanene kunyumba, ngakhale kwa ine.

Tsopano za tikiti. Nditatsegula envelopu yanu ndinayamba ndaganiza kuti adalaivala asokoneza makalata, poti envelopu za ndalama zimachoka kuno kupita uko. Chibadwire palibe anandigulirapo tikiti ya basi. Ndinafuna kukana, ndinkati musunge, mwina denga, mwina ana. Ndalemba kalata yokana, ndaing'amba. Tchuthi andipatsa masabata awiri. Ndinyamuka pa 22, ndifika pa 24 chakumasana, basi ikapanda kuwonongeka, ndipo mukudziwa kuti imawonongeka.

Musapemphe chilolezo kuntchito kuti mudzandichingamire. Njira ndikuidziwa. Katundu ndidzasiya kwa mng'ono wanu pa benchi, ndidzasamba kumaso, ndidzabwera ku ofesi kwanuko. Mwati pakhonde pali mpando wautali woyang'anana ndi zenera lanu. Ndidzakhala pamenepo mpaka muweruke, sindidzasokoneza. Ndikufuna ndidzakuoneni muli pa desiki inu musanandione.

Ndipo alonda a pageti musawauziretu kuti kubwera munthu. Akadzandifunsa kuti ndine ndani ndipo ndikufuna yani, ndidzanena ndekha.

Ndine amuna anu, ali m'njira.